Zitini za Zivundikiro Zobiriwira

Ndikadali nacho chitini chimodzi cha mkaka wa ufa, chivundikiro chake chobiriwira. Ndikachitsegula chimanunkhabe dzimbiri ndi girizi, ndipo mtima umandiwira ngati zachitika dzulo.

Bambo anali kalipentala ku Kabwata, m'shedi ya malata imene ankagwiriramo ndi amisiri anzawo. Malamulo a mumo anali odziwika: aliyense benchi lake, zitini zake, penti wake pa zivundikiro. Za bambo zinali zobiriwira. Misomali payokha, masikuluu pawokha, mabawuti ndi manati ake, mahinjesi m'chitini chachikulu. Pakati pa shedi panali mgolo wa zotoleza, ndipo chogwera mmenemo chinali cha aliyense.

Bambo anamwalira chisanu chikuyamba. Mayi ankadziwa kukhoma mipando ndi kuika mahinjesi, poti ankawathandiza, choncho anafuna kusunga benchilo kuti tizidyerapo. Amisiri aja anavomera kuti bola katundu wa malemu akhalepo, malo ndi a mayi.

Maliro atangotha tinapita kukaona. Tinapeza mashelefu ali mbee. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anali atakhuthulira zitini zonse mumgolo muja. "Ba mlamu, nenze kusesa chabe," anatero, mano onse pamtunda. Kusesa! Munthu amene ngakhale pakhomo pake sankagwira tsache. Amisiri ena anangoweramira matabwa awo ngati makutu adzaza utuchi. Mpaka lero sindidziwa amene amandinyansa kwambiri, wokhuthulayo kapena ongoyang'anawo.

Ine ndinaganiza kuti ndi ngozi, ndipo ngozi imakonzedwa. Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kushediko. Ndinkayala thumba la simenti pansi, n'kumatapa mumgolomo ndi maginito a wayilesi yakufa. Mphepo ya Julayi inkalowa pansi pa malata ndi fumbi lake, zala zinkachita dzanzi, timisomali tinkandibaya m'zikhadabo. Nati iliyonse ndinkaiyesa pa bawuti mpaka italowa bwino, monga ankachitira bambo. Ndinkati zitini zikadzadza, mayi abwerera pabenchi.

Bambo aang'ono ankandichemerera. "Uyu mwana ni wanzelu maningi," ankauza anzawo, n'kundigulira chitumbuwa. Ndinkadya mokondwa, galu ine wopusa. Mayi okha ndiwo ankakwiya. Ankanditsuka zala zakudazo mokhula ngati akutsuka poto, n'kumati, "Usapitekonso." Ndinkawaona ngati munthu wosayamika, ndipo m'mawa mwake ndinkapitanso.

Mphepo ya Ogasiti isanathe ndinamaliza. Ndinandandalika zitini pashelefu, m'mawa mwake ndinawakoka mayi padzanja kuti adzaone. Titafika tinamva fungo la penti wamuwisi. Zivundikiro zonse zinali zofiira, mtundu wa bambo aang'ono, ndipo iwo anali atatsamira pabenchi la bambo akupala thabwa. Wamkulu wa amisiri anauza mayi, maso ali kumbali, kuti zochokera mumgolo zilibe mwini, ndipo cha malemu palibe chimene chatsala. Chobiriwira chinatsala chimodzi chokha, chimene ndinali nditapita nacho kunyumba dzulo lake kuti ndikawongole misomali yopindika.

Mayi anamanga chitenje mwamphamvu, tinatuluka. Tili pafupi ndi msika ndinawafunsa ngati penti wobiriwira anawathera bambo aang'ono, ndi kuti mwina tikawagulire wina.