Ndinamubatiza ndi kapu ya kuchipatala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mwini moyo, amene amaumba mwana m'mimba popanda kufunsa nzeru kwa amayi a mu mpingo wathu.

Mng'ono wanga anachira mwana wamwamuna pa kachipatala ka ku Zemba, nthawi yokumba mtedza. Mwanayo akayamwa, mkaka unkabwerera m'kamwa ndi m'mphuno, ndipo thewera linkangokhala loyera. Anamwino atamuyang'anitsitsa anati alibe njira ya chimbudzi, komanso akukayikira kuti kummero sikunalumikizane ndi chifu. Anati ziwirizi kupezeka mwa mwana mmodzi sizichitikachitika. Anaitanitsa ambulansi ya ku Chipata, koma sanatilonjeze kuti akafika wamoyo.

Mng'ono wangayo anangopempha chinthu chimodzi: mwana asanyamuke wosabatizidwa. Abambo mfumu anali kutali. Ndinapalasa njinga kukaitana mayi amene anadzipereka yekha, mimba ikadali yaing'ono, kuti adzakhala mayi wa ubatizo. Ndi uja amakhala kutsogolo m'tchalitchi, kolona wake wautali ngati chingwe cha mbuzi.

Anabwera ndithu, koma anaima pakhomo manja ali kumbuyo.

"Amayi a ubatizo, lowani mumunyamule," ndinatero.

"Iyayi, asisi. Mwana wotsekeka chonchi ndi mdulo umenewu. Afunseni bambo ake kumene ankayenda. Ine ndili ndi ana anga."

Pakamwa pomwepo pamene pamalandira Ukaristia Lamulungu lililonse! Mlamu wanga, munthu wongodziwa munda ndi kwawo, anagwetsa nkhope ngati wagwidwa.

Ndinatenga kapu yapulasitiki yomwera mankhwala, kutunga madzi mu ndowa, n'kuthira pa kamutu kaja ndikunena mawu a ubatizo monga tinaphunzirira ku katekisimu. Madzi ena anamulowa m'khutu.

Mwanayo anafika wamoyo, ndipo madokotala anakamung'amba ku Lusaka kangapo konse. Kwa nthawi yaitali chimbudzi chinkatulukira pamimba, m'kathumba, ndipo m'tchalitchi benchi lathu linali lotakasuka bwino.

Atatsekedwa pamimba paja, tinapita naye kwa abambo mfumu kuti akamalize mwambo. Mayi uja anatulukira atavala chitenje chatsopano, manja atatambasula, ati udindo wake uja. Mng'ono wanga anamulambalala, n'kundipatsa ine mwanayo.

Ambuye akudalitseni inu nonse, akupatseni manja osabisika kumbuyo.