Munthu Kumbuyo kwa Madala

Chaka chimene ndinasamukira ku Thamesmead, kutsidya kwa nyanja, m'zaka za m'ma 1990, anzanga anandisankha kukhala kaputeni wa timu yathu ya mpira. Sikuti ndinkasewera bwino ayi. Ndinali ndi foni m'nyumba komanso makina ochapira majezi, basi. Timuyo inali ya Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ena ophunzira, ena apantchito. Tinkasewera Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, pabwalo lamatope pafupi ndi mtsinje, pomwe mphepo inkalowa mpaka m'mafupa.

Wotchinga kumbuyo wathu anali bambo ena amene tonse tinkangowatcha kuti madala. Kumudzi anasewerapo mpira wolipidwa m'timu ina yaikulu, ndipo enafe tinkawamva pa wailesi tili ana. Kuno ankakankha mabedi a odwala pachipatala china ku Edmonton. Lamlungu ankakwera mabasi atatu kuti atipeze, nsapato zampira zili m'jumbo, zopolishidwa ngati akupita ku ukwati.

Liwiro linali litawathera kalekale, koma maso ayi. Ankadziwa komwe mpira ukupita mwini mpirayo asanaganize n'komwe. Ankaimika aliyense pamalo pake ndi pakamwa, ndipo ankakalipa osayang'ana nkhope. Ine ankandinena kuti ndimathamanga ngati ndasenza thumba la chimanga. Koma tonse tinkadziwa chinthu chimodzi: madala akakukalipira ndiye kuti akuwerengera. Amene sankamuona ngati wampira ankangomupatsa moni waulemu n'kumusiya. Choncho tinkanyadira kukalipiridwa, ndipo tinkawakonda kwambiri.

Loweruka lina m'mawa mayi a kunyumba kwa madala anandiimbira foni. Anandiuza kuti bondo lakumanja la madala latha, ndipo dokotala wanena kuti akapitiriza mpira adzalephera ngakhale kukwera masitepe, nanji kukankha mabedi. Ntchito imeneyo ndi imene inkadyetsa banja lonse, ndi ana awiri apasukulu. Mayiwo anali atayankhula nawo mpaka kutopa.

"Inu ndinu kaputeni, achimwene," anatero mayiwo. "Auzeni asiye. Ine samandimvera, koma za kumpira amazilemekeza."

Ndinavomera msanga, chifukwa kuvomera pa foni n'kosavuta. Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wangawu unalewa. Ndikanayambira pati? Bambowo anali msinkhu wa amalume anga, ndipo kwathu mwana sauza wamkulu kuti mwakalamba, khalani pansi. Lamlungu lililonse ndinkafika nditakonza mawu. Ndikawaona akutsika basi chammbali, atagwiritsitsa chitsulo, mawuwo ankandithawa, ndipo ndinkangowalandira jumbo. Mwezi wathunthu unatha chonchi.

Kenako ndinapangana nzeru ndi mnzanga wina wa ku Chipata amene ankasewera pakati. Tinagwirizana kuti iye azibwerera mwakachetechete n'kumaima kumbuyo kwa madala. Mipira yonse yofuna kuthamanga azitola iyeyo, madala azingoima n'kumalamula, bondo lizipuma. Tinauza timu yonse kupatula mwini wake. Tinadziona ochenjera, ndipo mantha athuwo tinawapatsa dzina lokoma lakuti ulemu.

Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbuka. Tinkafuna kubisa kaimidwe ka osewera kwa munthu amene luso lake lonse linali kuona pomwe aliyense waima.

Lamlungu lotsatira, mpira utangoyamba, madala anakalipa monga mwa masiku onse. Wa ku Chipata uja anatola mpira woyamba kumbuyo kwawo, kenako wachiwiri. Pa wachitatu madala anacheuka n'kumuyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine. Kuchokera pamenepo sanayankhulenso. Bwalo lonse linangoti zii, moti tinkamva ndi phokoso la mabasi kumsewu. Tinayamba kugundana tokhatokha ngati nkhuku zotsekeredwa m'khola lachilendo.

Pa nthawi yopuma anakhala pabenchi yonyowa n'kundikodola.

"Kaputeni, kumbuyo kwanga kuli munthu."

Ndinayamba kubwebweta zoti tasintha kaseweredwe pang'ono, adaniwo ali ndi anyamata othamanga. Anandisiya mpaka nditamaliza.

"Chiyambireni mpira, kumbuyo kwanga kumakhala goloboyi yekha," anatero. "Ndiye mumati sindiona?"

Sanakweze mawu. Anandiuza kuti ankadziwa za foni ija kuyambira tsiku lomwelo, chifukwa mayi sabisa kanthu. Zoti bondo latha ankadziwa kuposa dokotala. Ankangodikira ine. Kutimu yawo yakale, munthu sankachoka yekha ngati wothawa. Nthawi yake ikakwana, kaputeni ankamuitanira pambali, kumuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti wagwira ntchito, tsopano apume. Iwo eni anauzapo anzawo angapo mawu amenewo, ena akulira. Ankafuna kuti nawonso achoke chomwecho, ngakhale pabwalo lamatope la ku Thamesmead. Ndiye Lamlungu lililonse ankakwera mabasi atatu aja ndi bondo lotupa, kuti mwina lero mnyamatayu alimba mtima.

"Mukanangondiuza," anatero. "Ndikanakuthokozani."

Ndinafuna kuwauza pompo mawu amene ankadikirawo, koma ndinaona kuti nthawi yake yadutsa. Anavula jezi, anaipinda bwinobwino n'kundipatsa kuti ndikachape pamodzi ndi majezi enawo. Anavala chijasi chawo n'kukhala pabenchipo mpaka mpira kutha. Sindikumbuka ngati tinapambana tsiku limenelo.

Bondo lija linapulumuka. Madala anakankha mabedi mpaka kupuma ntchito mwaulemu, ndipo ana aja anamaliza sukulu. Mayi anandipeza kutchalitchi ku Peckham n'kundithokoza pamaso pa anthu kuti ndinachita zimene iwo analephera. Ndinangoweramitsa mutu. Akanadziwa, sakanawononga mawu awo.

Kumpira madala sanasiye kubwera. Ankaima kunja kwa mzere, manja ali m'matumba a chijasi, n'kumakalipira aliyense: goloboyi, ogoletsa, ngakhale woyimbira mpira. Wa ku Chipata uja ndiye ankamukalipira kwambiri, mpaka anamusandutsa wotchinga kumbuyo weniweni. Ine ankandipatsa moni ndi manja awiri, kundifunsa za kuntchito ndi za kumudzi, n'kundifunira masewero abwino.

Zinkandipweteka, sindinama. Ndinali wokonzeka kusenzanso thumba la chimanga lija chaka chonse.

Lamlungu lina, chakumapeto kwa nyengo ya mpira, mpira wosavuta unabwera kwa ine pafupi penipeni ndi pomwe anaima. Ndinauphonya dala. Unadutsa pansi pa phazi langa n'kutuluka kunja, ndipo anzanga onse anandikuwiza. Ine ndinatembenukira kwa madala n'kudikira.

Anautola mpirawo, anaupukuta matope ndi mkono wa chijasi, n'kundipatsa m'manja.

"Pepani, a kaputeni," anatero. "Zimachitika."