Penti Wobiriwira wa Pabalaza

Chaka chimene tinkayembekezera chisankho choyamba cha zipani zambiri, ine ndi amuna anga tinkakhala ku Zingwangwa, m'nyumba ya zipinda ziwiri kumunsi kwa msika. Iwo ankagwira ntchito yopenta nyumba za anthu. Tsiku lina anabwera ndi zitini ziwiri za penti wotsala kuntchito, wina wa kirimu, wina wobiriwira kwambiri ngati masamba okhwima a mango.

Anapaka pang'ono mitundu yonse iwiri pakhoma la pabalaza kuti tione. Ine ndinafuna wa kirimu chifukwa windo lathu linali limodzi, laling'ono, moti ngakhale masana ndinkasokera zovala pakhonde. Iwo anati kirimu sachedwa kuda ndi utsi wa mbaula komanso timanja ta ana athu awiri. Tinakangana masiku atatu. Mapeto ake ndinawasiya, poti odziwa penti anali iwowo.

Loweruka anayamba kupaka wobiriwira uja, chitseko chili chotsegula kuti fungo lizituluka. Dzuwa litapendeka kunadutsa amuna asanu ochokera kumsonkhano wa ndale, akuimba, ena ataledzera. Mmodzi anasuzumira n'kuona khoma. Anakuwa kuti m'nyumba muno muli anthu a chipani chakale, chifukwa mtundu umenewo unalinso pansalu za chipanicho.

"Akuluakulu, uyu ndi penti wotsala chabe," anatero amuna anga, burashi ili m'manja.

Sanawamvere. Anawagwira pakolala, kuwakokera panja n'kuwagwetsera m'ngalande. Wina ananyamula chitini cha wobiriwira chija n'kuwamenya nacho kumutu, penti n'kusakanikirana ndi magazi mpaka nkhope yosaonekanso. Enawo ankawaponda m'nthiti. Ana ankalira kuseri kwa chitseko. Ine sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangotola mpini wa khasu n'kumenya mkono wa amene anagwira chitini uja, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Mnzake anandiwomba mbama imene inandigwetsera pamiyala.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wachisilamu, telala wa nyumba yoyandikana nafe. Anaima pakati, tepi ili m'khosi, n'kuyamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi pamodzi ndi mayina a makolo awo. Anthu aja anachoka akutukwana, atamugwirizira wovulala uja.

Kuchipatala anamwino anayamba avutika kuchotsa penti m'tsitsi la amuna anga asanasoke bala. Balalo linapola, koma khutu lakumanzere silinamvenso. Atabwerera kunyumba ankagona moyang'ana kuchitseko, osafuna kuona khoma lija. Ndinatenga burashi ndekha n'kupaka kirimu, koma wobiriwira ankaonekerabe pansi pake. Ali chigonere pamphasa, anandiuza kuti ndizidikira penti aume ndisanabwereze. Ndinabwereza katatu.

Amene ndinamuthyola mkono uja ankagulitsa makala pamsika womwewo. Tinkakumana pafupifupi tsiku lililonse, iye n'kuyang'ana kumbali. Makala ndinkakagula kutsidya kwa msewu mpaka pamene tinasamukira ku Machinjiri.