Nsapato Zoloza ku Geti

Kunyumba kwathu ku Nakatindi chinthu chikasochera amayamba kufunsa ine, ndipo nthawi zambiri sakhala atalakwitsa. Ndinaikapo chule m'chikwama cha aphunzitsi a masamu. Koma ntchito yanga yapamwamba ndinaichita pa agogo anga aamuna.

Agogo ankasema mvuu zamtengo zogulitsa kwa alendo pamsika wa Mukuni Park. Kachasu anawaumitsa chiwindi, mimba n'kudzaza madzi, ndipo kuchipatala anawapatsa mapilisi ochotsa madziwo. Kenaka dzanja lamanja linayamba kukokana. Akusema, zala zimangopindika zokha, n'kuuma ngati phazi la nkhuku yakufa. Iwo osalira. Amayang'ana pambali pomwe palibe munthu, n'kunena motsitsa, “Wabwera.”

Ankanena agogo aakazi, omwe tinaika m'manda chaka chapitacho. Ali moyo, ankawagwira amuna awo pamkono pomwepo akafuna kutola botolo la kachasu.

Amayi anachonderera. “Batate, anesi ananena kuti minofu ikamakokana tikanene. Mwina ni mapilisi aja.”

“Ndikamunenere mkazi wanga kuchipatala? Akamuthamangitse?”

Dzanja linkaipiraipira, mpaka supuni inkawagwa. Mvuu ina inakhala mwezi wathunthu yopanda miyendo yakumbuyo.

Apa ndinakumbukira khalidwe la malemu. Akafuna kuti amuna awo apite kutchalitchi, sankakangana nawo. Ankangopukuta nsapato zawo n'kuziika pakhomo, zitaloza ku geti.

Masana ena agogo akuwodzera pansi pa mtengo wa mango, ndinapukuta nsapatozo mpaka kuwala. Ndinaika khadi lakuchipatala mkati, n'kupaka pachitseko mafuta a kamfa omwe malemu ankadzola. Ndinabisala kuseri kwa diramu, nditadziluma mkono kuti ndisaseke.

Atadzuka anaima pakhomopo nthawi yaitali. Dzuwa linali pamutu, nkhuku zonse zili zii. Anavula chipewa. Kenaka anapendekera mutu ngati munthu womvetsera, n'kuyankha, “Ndamva. Usakalipe.”

Kuseka kunandithera. Ine sindinalankhule kanthu, nanga iwo amayankha ndani?

M'mawa mwake tinapita kuchipatala. Njira yonse ankayenda m'mphepete mwa msewu, kusiya malo kumanja kwawo. Nditayesa kuyendapo anandikankha. “Iwe, suona?”

Anesi anawatenga magazi, adokotala n'kuchepetsa mapilisi aja. Anawaonetsa kuwongola zala pang'onopang'ono patebulo, ndipo anati dzanja likagwira amwe supuni imodzi yokha ya madzi owawasa a nkhaka za m'botolo, osapitirira, poti mchere ndi woipa kwa iwo.

Patapita masabata, kukokana kunachepa. Amayi anathokoza Mulungu. Ine ndinadzithokoza ndekha, ndipo mpaka lero ndikuti ndinachita bwino. Wina andipatse mendulo.

Koma agogo anayamba kukhala pampando dzanja lili pabondo, chikhatho chitayang'ana kumwamba, kudikira. Tsiku lina anandiitana.

“Iwe kamfiti, bwera. Gwira apa.”

Ndinawagwira pamkono. Khungu linali lozizira, lachikasu.

“Limbitsa.”

Ndinalimbitsa. Anatseka maso, kenaka anapukusa mutu.

“Sufikako. Ndipo nsapato zija unapaka polishi wambiri. Iye sankawononga choncho.”

“Ah, bagogo! Munadziwa?”

“Miyendo yako imaoneka kuseri kwa diramu.”

Ndinaseka kwambiri, mtima utakhala pansi. Iwo sanaseke.

“Botolo la kamfa lija unalipeza kuti?”

“M'sutikesi mwa agogo aakazi, pansi pa zitenje. Ndinangotsegula, n'kupisa dzanja.”

“Amako anafufuza sutikesi imeneyo katatu maliro atatha. Munalibe.” Anandiyang'ana, maso achikasu aja osaphethira. “Ukuganiza kuti nzeru ija inali yako?”

Ndinafuna kuchotsa dzanja langa pamkono pawo, koma iwo anali atalipanikiza kale ndi dzanja lina.

“Khala kaye,” anatero, akuyang'ana kuseri kwa phewa langa.