Ndege ya padenga la khitchini

Bambo a kunyumba kwathu ndi okhoma zidebe. Tsiku la msika amamangirira ndowa, mbaula ndi makeni pa njinga, ulendo wa ku Mitundu. Koma ali ndi luso lina limene kwa zaka zambiri ankalichita mobisa: kupanga tindege ta nkhondo takalekale. Agogo awo anamenya nawo nkhondo ya Azungu, ndiye ankawasimbira za ndege zimene zinkawadutsa pamutu. Mwana wathu wamkulu atawaonetsa zithunzi zake pa foni, basi chidwi chinangokulirakulira.

Thunthu la ndege amasema chiwale, mapiko amadula zitini zotsala, mateyala ndi zidutswa za patapata. Amayeza ndi kaulusi pa chithunzi kuti phiko lisatalike kuposa muyezo wake. Zonsezi ankachitira kuchipinda, chitseko chili chotseka. Ankati, "Mayi, munthu wa imvi ngati ine, anthu andione ndikuseweretsa zidole?" Ine ndinkangoseka, n'kumathokoza Mulungu kuti pamene amuna ena ali ku kachasu, anga ali m'nyumba kupala chiwale.

Tsiku lina anapaka imodzi penti wobiriwira, kutsogolo n'kujambulako kamwa la mano monga zinalili pa chithunzi. Fungo la pentiyo linawatsokomoletsa apongozi anga, mayi awo, amene tinawatenga kwawo chifukwa cha ukalamba. Ndiye bambo anaiika padenga la khitchini kuti iume, n'kuiwala kuitsitsa. M'mawa mwake analawirira ku Nathenje kukagula malata akale.

Mayi wina woyandikana nafe anabwera kudzapala moto. Atayang'ana padenga anabwerera osapala. Nditafika pa mjigo, amayi anzanga anasuntha zidebe zawo, moni wake wapakhosi. Mnzanga wa ku mvano ndiye anandikokera pambali.

"Asisi, simunamve? Akuti kwanu kwagwa ndege ya ufiti, mafuta anaithera padenga. Akuti woyendetsa ndi agogo aja."

Nkhalamba ikatchulidwa choncho, timadziwa zimene zimatsatira, makamaka apongozi anga poti ndi obwera m'mudzi muno. Nditafika kunyumba, ndinagwada pafupi ndi bedi. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, nditetezereni mayiwa.

Bambo atabwera n'kumva, anafuna kuwotcha ndege zonse. Ndinawagwira dzanja.

"Ayi bambo, mukawotcha anena kuti tabisa. Tulutsani zonse, mukhale pabwalo, mupange ina anthu akuona."

Anachita manyazi, koma anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango. Anandanda tindege tawo tonse, natenga chiwale ndi mpeni. Apongozi ndinawakhazika pomwepo pa mpando. Anthu anayamba kubwera, kumaima chapatali. Kenako mkulu wa mpingo wathu anayandikira, natola ya mano ija, naitembenuza. Kunsi kwa phiko kunali kukuonekabe malemba a chitini cha mafuta ophikira.

"Abale, taonani kuno," anatero akuseka. "Mapiko ndi chitini, mateyala ndi patapata."

Apongozi anasuzumira. "Patapata wobiriwirayo si wanga? Mwana iwe, ndamufunafuna mpaka pansi pa mphasa!"

Anthu anaphulika nako kuseka. Mnyamata wina anati, "Agogo, ndiye mumakhala pati poyendetsa?"

"Ine njinga ya kabaza yomwe ndimaiopa, adzukulu. Ndikakwere kachiwale aka?"

Mayi woyandikana nafe uja sanaseke, anangozemba. Koma m'mawa mwake anabweranso kudzapala moto. Asanalowe m'khitchini anagwada kwa apongozi n'kuwadzutsa bwinobwino, mpaka kuwafunsa za chifuwa. Ine ndinamuthirira makala ambiri kuposa masiku onse.

Kuchokera pamenepo bambo amapangira ndege zawo pabwalo. Apongozi amakhala pambali pawo, atafumbata timisomali, maso ali pa patapata wawo watsopano. Ndikawaona awiriwo ndikuchokera kudimba, ndimangoti zikomo Ambuye.