Tsitsi la m'bulochi ya dona

Ntchito ya m'nyumba pa pulazi ina ya ku Raffingora, ku Southern Rhodesia, anandipezera ndi a Saidi, khukhi wa pamenepo, munthu wa kwathu ku Fort Johnston. Inali nthawi ya Chitaganya. Amuna anga ankasonkhezera moto m'mabalani a fodya, ine ndili ndi pakati pachiwiri, poti poyamba ndinapita padera. Mtima sunkakhala m'malo. Ndikangomva kupweteka pang'ono, basi ndayamba kuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Loweruka ndinkatsuka mabulochi a dona, timaphini tokongoletsa pachifuwa. Madzi ofunda, sopo pang'ono, mswachi wotha, kenaka nsalu yofewa. Asiliva ndinkapukuta ndi choko chopera. Ina inali ndi nkhope ya mkazi yosema pachigoba, imeneyo sankalola kuinyika m'madzi. Ntchitoyi ndinkaikonda, sindinama, inali yokhala pamthunzi anzanga akupsa kumunda.

Panali ina yakuda m'mbali, pakati kagalasi, m'kati mwake kanthu kofiirira kolukidwa bwino. Ndinkayesa ulusi, mpaka a Saidi anandipeza ndikuipumira mpweya kuti iwale.

"Si shinda imeneyo, mwanangu," anatero, kutchula ulusi m'Chishona. "Ndi tsitsi la mwana wawo, anafa ndi malungo. Asi basa ibasa, ntchito ndi ntchito, ungokhala chete."

Kwathu tsitsi la pamaliro timameta n'kukwirira, nkhani n'kutha, ndipo wapakati sayandikira za wakufa. Ine ndinali nditaligwira kangati? Sabata imeneyo ndinasamba m'manja mpaka khungu kuyera, nsima osaimva kukoma. Bulochiyo ndinayamba kuilambalala, ndikamatsuka anzake n'kumaikankha ndi kamtengo.

Lamlungu lina dona anavala za kutchalitchi, nandiitana kuchipinda kwawo. Dzanja lawo linali ndi bandeji, anapsa ndi ketulo. Anandilozera yakuda ija kuti ndiwabaye pa kolala. Ndinaima manja kumbuyo.

"Fulumira, galimoto ikudikira."

"Pepani medemu, imeneyo ayi. Ndili ndi pakati."

Anayang'ana mimba yanga, kenaka kagalasi kaja, nkhope n'kufiira. Ndinkayesa akalipa, koma mawu anatuluka otsika: "Ukuti mwana wanga ndi wodetsedwa?" Anaivala okha ndi dzanja lamanzere, mopotoka, n'kutuluka.

M'mawa mwake kapitawo anandiuza kuti ndizikasankha fodya kushedi. Fumbi lake linanditsokomoletsa mpaka mwezi wanga unakwana. Chisoni ndinali nacho, cha mthunzi uja komanso cha mayi uja, amene maliro a mwana wake sanamete, ankangowavala pachifuwa Lamlungu lililonse.

Mwana anabadwa wamoyo, wamkazi. Kaya tsitsi lija likanamuchita kanthu, sindidziwa mpaka lero. Chimene ndinatolapo n'chakuti pa ntchito ya m'nyumba, kanthu ka mwini uzifunsa mwini wakeyo tsiku loyamba, pakamwa pasanaume ndi mantha. Dona uja ndinagwira tsitsi la mwana wake miyezi ingapo, koma dzina la mwanayo sindinamufunse.