Paipi Imene Ndinaigoneka Pansi

Chaka choyamba cha ukwati wanga ku Mtendere ndimachikumbuka ngati tulo ta masana, tija timakugwira uli khale. Tinkachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni ake. Amuna anga anali dalaivala wa mzungu wina ku Kabulonga, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira makina otsukira mbale. Tsiku limene anafika nawo, yadi yonse inatuluka kudzaona. "Ni filiji iyi?" anafunsa amayi eni nyumba. "Iyayi, ni wanchito wanga," ndinayankha motumbwa.

Pulambala anawaika pambali pa sinki. Paipi yotulutsa madzi akuda anaikweza mpaka pansi pa thabwa lokhalapo sinki, naimanga ndi waya, kenako anaitsitsira m'paipi ya sinkiyo. Sananene chifukwa chake, inenso sindinafunse.

Magetsi akabwera masana ndinkakhala pansi, msana nditatsamira makinawo. Ankafunda, madzi akuzungulira m'katimo ngati mvula yogwa kutali. Panja wogulitsa makala ankaitana, mawu ake akutalikira, ine ndikuwodzera. Ndinkalota ana amene ndinali ndisanabereke akuthamanga m'nyumba yaikulu ya mawindo ambiri. Ndinali wokondwa zedi masiku amenewo.

Koma paipi ija inkandinyansa. Alangizi anga, amayi amene anandiphunzitsa za ukwati, ankati apongozi akafika sayang'ana pabalaza, amayang'ana kuseri kwa chitseko ndi pansi pa sinki. Ndiye nditamva kuti amayi a amuna anga akubwera kuchokera ku Katete, ndinamasula waya wadzimbiri uja, paipi ndinaigoneka pansi bwinobwino, ndikuyalapo kansalu koyera. Ndinadziyamikira ndekha, ine chitsiru.

Inali nthawi ya mvula. Dzenje limene madzi a sinki ankapitako linali litadzaza, ndipo sinki inkameza mochedwa. Mbale zinayamba kutuluka m'makina zikuwala koma zikununkha. Apongozi ananyamula yawo, kuinunkhiza, n'kuikankhira pambali. Tsiku lachitatu ndinawamva akuuza mwana wawo pakhonde: "Mtsikanayu abwerere kwa alangizi akamuphunzitsenso. Ine sindidyera m'mbale yonunkha chithaphwi."

"Amai, ni mashini chabe, tizaona," anatero amuna anga.

"Alangiziwo uwaimbire foni mawa madzulo," anatero apongozi.

Mayo ine! Mkazi kubwezedwa kwa alangizi, nkhani imafika ku Chawama kwa amayi ako iwe usanakwere basi. Ndinaganiza za amayi anga akupita kutchalitchi, anthu akunong'onezana kumbuyo kwawo. Ndinalira mpaka maso kutupa.

M'mawa mwake ndinapala nsomba, n'kukhuthulira beseni lonse m'sinki. Chitseko cha makina chinali chotsegula, ndipo apongozi anaima pomwepo, manja kumbuyo, akuwayang'ana ngati mbuzi ya pamsika. Ndinawaona akuwerama. M'kati mwa makinawo, pansi pake, madzi otuwa ankatumphuka pang'onopang'ono, mamba akuyandama pamwamba.

"Mamba alowa bwanji muno, poti nsomba simunaikemo?" anandifunsa.

Anagwada, mayi wamkulu uja, n'kuchotsa kansalu kanga. Anatsata paipi ndi chala kuchokera kusinki mpaka kumakina.

"Anagoneka ichi ndani?"

"Ndine, amayi. Chinali chomangidwa m'mwamba. Ndimafuna muone kuti ndine waukhondo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwananga, kudimba kwathu ngalande ikadzaza, madzi amabwerera kulikonse kotsika. Mwawatsegulira njira nokha. Makinawa ali ndi mphamvu yokankha madzi awo kukwera chitunda, koma a m'sinki alibe. Chitundacho mwachigumula ndinu."

Anang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo chakale, nandiuza kuti ndikweze paipi mpaka igunde thabwa. Ine ndinagwira, iwo anamanga mfundo ziwiri zolimba, mitu yathu itagundana m'kabati ya pansi pa sinki mopanikizamo. Ndinathiranso beseni lina m'sinki. Tinadikira titagwada, koma m'makina simunalowe ngakhale dontho. Magetsi atabwera ndinawayendetsa opanda kanthu, nditathiramo viniga, kenako ndinatsuka mbale zonse kachiwiri.

Madzulo amuna anga anafika kuchokera kuntchito, foni ili m'manja, nkhope ili gwa. Sanandiyang'ane.

"Amai, niwatumile foni alangizi manje?" anafunsa.

Ndinali nditagwada ndi poto wa ndiwo. Apongozi anatenga mbale pamwamba pa mulu, naiyandikitsa kumphuno, nthawi yaitali ndithu.

"Uwauze chiyani?" anatero. "Bweza foniyo m'thumba." Ndipo anatambasulira mbale ija kwa ine. "Apongozi, ndiikireni mutu wa nsombawo, ndi msuzi wambiri."

Ndikuwathirira, msuzi unawadonthera pachala. Ananyambita, n'kuyamba kudya.